Hermann Hellriegel, mlangizi amene anaulula chinsinsi cha mizu ya nyemba

Mvula ikamayandikira, mashopu a zipangizo zaulimi ozungulira msika wa Lilongwe, kuyambira mumsewu wa Malangalanga mpaka cha kudepoti, amadzaza ndi anthu ofunsa mitengo. Ambiri mwa inu mumayamba mwafunsa thumba la Urea, mukamva mtengo n'kugwira pakamwa. M'mashopu ena, pambali pa mbewu ya soya, pamakhala kapaketi ka ufa wakuda kotchedwa inoculant, kamene amati muzisakaniza ndi mbewuyo musanabzale. Kapaketiko kamakwana m'thumba la malaya ndipo mtengo wake uli kutali kwambiri ndi wa feteleza. Alimi ena amakagula, ena amati ndi njira chabe yowadyera ndalama. Okayikawo sindiwadzudzula. Munthu wozolowera kusenza makilogalamu 50 angakhulupirire bwanji ufa wosadzaza n'dzanja lomwe?

Kuti mumvetse chimene chili m'kapaketiko, ndi chifukwa chake ena amapindula nako pamene ena amangotaya ndalama, muyenera kudziwa mbiri ya munthu wina wa ku Germany amene anamwalira boma la Lilongwe lisanakhazikitsidwe n'komwe. Dzina lake ndi Hermann Hellriegel, ndipo zaka zisanu ndi zinayi za moyo wake anagwira ntchito yomwe timagwira alangizi a zaulimi lero.

Hellriegel anabadwa pa 21 Okutobala 1831 m'mudzi wa Mausitz, kufupi ndi tauni ya Pegau, m'chigawo cha Saxony. Anaphunzira za michere ya m'nthaka ndi ya m'mbewu pasukulu ya zaulimi ndi nkhalango ya ku Tharandt, kumene anadzakhala wothandizira wa mphunzitsi wake, Julius Adolph Stöckhardt. Mphunzitsiyu ankatchuka ndi khalidwe loyenda m'misonkhano ya alimi n'kumawafotokozera sayansi m'mawu oti aliyense amve, ndipo wophunzira wakeyo anatengera zomwezo. Mu 1857, akadali mnyamata wa zaka za m'ma 20, anapatsidwa udindo woyang'anira malo atsopano ochitira kafukufuku wa zaulimi ku Dahme, m'dera la nthaka yamchenga ya chonde chochepa.

Ku Dahme ndi kumene anakonza chida chimene chinadzamutchukitsa, ndipo mukachimva museka, chifukwa chinali mphika wa mchenga. Vuto lomwe ankafuna kuthetsa ndi ili. Dothi la m'munda lili ngati ndiwo zophikaphika: zikakoma simungadziwe ngati wakometsa ndi mchere, tomato kapena nsinjiro, pakuti zonse zalowerera pamodzi. Munthu wofuna kudziwa chimene mbewu imadya ayenera kuyamba ndi mbale yopanda kanthu n'kumaikamo chinthu chimodzichimodzi. Choncho Hellriegel ankatenga mchenga woyera wopanda chakudya chilichonse cha mbewu, n'kuuika m'miphika yagalasi. Michere ankaisungunula m'madzi oyera, atayeza pasikelo muyezo wa uliwonse. Mphika uwu ankaumana mchere umodzi, winawo n'kuupatsa theka, wachitatu n'kuupatsa wokwanira. Miphikayo ankaiyeza kulemera kawirikawiri kuti adziwe madzi amene mbewu yamwa n'kubwezeramo ofanana nawo. Pokolola ankaumitsa mbewu yonse, mizu ndi masamba omwe, n'kuiyezanso.

Ntchito yotere ndi yotopetsa, ndipo anaigwira zaka zoposa khumi ndi zisanu. Mwa zimene anapeza, china n'chakuti balele, mbewu yofanana ndi tirigu, amamwa malita pafupifupi 300 a madzi kuti apange kilogalamu imodzi ya zouma. Mukamaona chimanga chikufota pa ng'amba ya masabata awiri mu Januwale, kumbukirani kuti kuchuluka kwa ludzu la mbewu kunayamba kuwerengedwa m'miphika ngati imeneyi.

Mu 1873 anachoka ku Dahme n'kusamukira ku Bernburg, m'chigawo cha Anhalt, kumene anakhala mphunzitsi woyendayenda wa alimi mpaka 1882. Analibe labotale. Ankayenda mudzi ndi mudzi, kumva madandaulo, kuona minda ndi kuyankha mafunso. Olemba mbiri yake amadutsa zaka zimenezi mothamanga ngati kuti munthuyo anangokhala. Ine ndimaziona mosiyana, mwina chifukwa cha ntchito yanga. Munthu amene waimapo m'munda mwa mlimi zaka zambiri amaphunzira kuti mlimi akaumirira chinthu chimene mabuku akukana, si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala mlimiyo.

Ndipo pa nthawiyo panalidi mkangano waukulu pakati pa alimi ndi ophunzira. Alimi a ku Ulaya ankadziwa kuyambira nthawi ya Aroma kuti tirigu amachita bwino pamalo pamene panali nyemba, monga momwe agogo athu ankadziwira posakaniza chimanga ndi khobwe, nzama kapena nandolo popanda wowauza. Mlimi wina wotchuka, Albert Schultz-Lupitz, anasandutsa munda wake wamchenga kukhala wachonde pobzala mbewu ya gulu la nyemba yotchedwa lupin, ndipo ankanena poyera kuti mbewu zoterezi zimasonkhanitsa mchere wa nayitirojeni. Uwu ndi mchere womwe uja mumagula m'thumba la Urea, umene umabiriwiritsa chimanga. Mumpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitirojeni, koma ali m'maonekedwe amene mbewu siingathe kudya. Funso linali lakuti, kodi nyemba zimatha kutapa mumpweyamo?

Akatswiri akuluakulu anali atayesa n'kunena kuti ayi. Jean-Baptiste Boussingault wa ku France, amene mu 1838 anaona yekha kuti mbewu za gulu la nyemba zimaonjezera mcherewu m'munda, anabwereza kafukufuku wake mosamala kwambiri m'zaka za m'ma 1850 ndipo sanapezenso kanthu. Ku Rothamsted ku England, John Bennet Lawes, Joseph Henry Gilbert ndi Evan Pugh anachita zofanana ndipo yankho linali lomwelo. Anthuwa sanali opusa. Pofuna kuti dothi lawo likhale loyera, lopanda china chilichonse chosokoneza, ankayamba aliwotcha pamoto waukulu. Sankadziwa kuti motowo unkapha chinthu chenichenicho chimene ankafufuza.

Mu 1882 eni mafakitale a shuga anathandiza kukhazikitsa malo a kafukufuku ku Bernburg, ndipo Hellriegel anakhala mkulu wake. Ku Germany shuga sachokera ku nzimbe koma ku mbewu ya muzu waukulu yotchedwa sugar beet, ndipo ndi mbewu imeneyo yomwe opereka ndalamawo ankafuna kuti ifufuzidwe. Koma iye anabwerera ku miphika yake ya mchenga n'kumabzalamonso balele, oats ndi nsawawa. Anali ndi womuthandiza waluso, Hermann Wilfarth. Uyu ndi amene mu 1885 anafulumizitsa njira yoyezera nayitirojeni m'zomera imene Johan Kjeldahl wa ku Denmark anatulukira mu 1883, njira yomwe malabotale oyeza nthaka ndi zakudya akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Popanda muyezo wodalirika ngati umenewu, zonse zotsatirazi zikanangokhala nkhambakamwa.

Balele ndi oats sizinavute kumvetsa. Mphika wopanda nayitirojeni, mbewu inkamera, kudya chakudya cha m'njere yake, kenako n'kuima. Ukaonjezera mchere, zokolola zinkaonjezekera motsatira muyezo wake, ngati mwana womvera. Nsawawa ndi zimene zinali ndi mwano. M'miphika yopanda nayitirojeni zonse zinkayamba zachita chikasu ndi kupinimbira. Koma pakapita masiku, zina zinkatsitsimuka mwadzidzidzi, masamba n'kubiriwira, n'kukula mpaka kubereka, pamene zinzake za mumphika woyandikana nawo zinkafa ndi njala. Mchenga umodzi, madzi amodzi, mbewu imodzi.

Wofufuza waulesi akanati miphika ina yalowa zonyansa n'kuitaya. Hellriegel anakhuthula miphikayo n'kutsuka mizu. Nsawawa zonse zimene zinatsitsimuka zinali ndi timibulu tambiri kumizu. Zofa ndi njalazo zinalibe, kapena zinali ndi towerengeka.

Timibuluto sitinali tachilendo. Marcello Malpighi wa ku Italy anali atatijambula kale m'zaka za m'ma 1670, ndipo mu 1866 Mikhail Woronin wa ku Russia anaona pa maikulosikopu kuti m'kati mwake muli tizilombo ting'onoting'ono. Ambiri ankati ndi matenda, ena ankati ndi nkhokwe chabe za chakudya. Hellriegel anaganiza kuti mwina tizilomboto timachokera kunja, ndipo timangogwera mwangozi m'miphika ina kudzera m'fumbi kapena pa njere. Kuti atsimikize, anatenga dothi la m'munda wachonde, kulivundula m'madzi, kudikira kuti likhazikike, n'kuthira pang'ono madzi apamwambawo m'miphika ina. Madziwo anali ochepa kwambiri moti mchere umene unalimo sukanadyetsa mbewu. Komabe nsawawa zonse zothiriridwa madziwo zinachita timibulu ndipo zinakula bwino. Balele atamuthira madzi omwewo sanasinthe kanthu.

Kenako anachita chinthu chimene ndimachiona kuti ndicho mtima wa nkhani yonseyi. Anatenga madzi a dothi omwewo n'kuwatenthetsa pamoto asanawathire mumchenga wophedwa tizilombo. Michere siifa ndi moto wotere. Mchere wa m'ndiwo suchoka chifukwa ndiwo zawira. Chikanakhala kuti chothandiza nsawawa ndi mchere, madzi owiritsawo akanagwirabe ntchito. Sanagwire. Nsawawa sizinachite timibulu ndipo zinafa ndi njala ngati balele. Choncho chimene chinali m'madzimo chinali chamoyo.

Imani kaye pamenepa, alimi anzanga, chifukwa phunziro loyamba la kapaketi kaja ndi limeneli. Ufa wakudawo si feteleza ndipo si mankhwala. Ndi nyumba ya tizilombo tamoyo miyandamiyanda. Chimene Hellriegel anachita dala ndi moto, dzuwa la Novembala limachita lokha. Paketi imene yakhala tsiku lonse pabenchi padzuwa, kapena yayenda pamwamba pa katundu m'minibasi yotentha kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Mitundu kapena ku Nsundwe, kenako n'kukhala sabata pansi pa malata, ikhoza kufika m'munda itafa kale. Imaoneka chimodzimodzi ndi yamoyo, ndiye vuto lake. Gulani kwa wogulitsa amene amasunga pozizira, onani tsiku lothera mphamvu, ndipo kunyumba ikani pamalo ozizira monga pafupi ndi mtsuko wa madzi. Posakaniza ndi mbewu khalani pamthunzi, nyowetsani mbewu pang'ono monga momwe paketi yanenera, yanikani pamthunzi pomwepo kwa kanthawi, ndipo bzalani tsiku lomwelo m'nthaka yachinyezi n'kukwirira msanga.

Panalinso chodabwitsa china m'miphika ya ku Bernburg. Madzi a dothi limene linathandiza nsawawa sanathandize lupin. Lupin anachita timibulu pokhapokha atathiriridwa madzi a dothi lamchenga la kumene lupin ankalimidwa kale. Apa Hellriegel ndi Wilfarth anazindikira kuti tizilomboti tili m'mitundu, ndipo mbewu iliyonse ili ndi anzake amene imagwirizana nawo. Limeneli ndi yankho la funso limene ndimafunsidwa chaka chilichonse: bwanji mtedza, khobwe ndi nandolo zimachita timibulu zokha, koma soya amafuna kumugulira? Mbewu zinazo zakhala m'minda yathu mibadwo yambiri ndipo zimagwirizana ndi tizilombo topezeka kale m'nthaka yathu. Soya kwawo ndi ku China, ndipo mitundu yake yambiri imasankha kwambiri. Mitundu ina, monga Magoye wa ku Zambia ndi Tikolore, siisankha chotero ndipo imatha kugwirizana ndi tizilombo ta kuno, ngakhale kuti nayonso kawirikawiri imachita bwino koposa ikasakanizidwa ndi inoculant. Pa chifukwa chomwechi, paketi yolembedwa soya musaiyembekezere kuti ithandiza nyemba.

Pa 20 Sepitembala 1886, pamsonkhano waukulu wa asayansi ndi madokotala a ku Germany mumzinda wa Berlin, Hellriegel anaimirira n'kufotokoza zimene anapeza. Gilbert wa ku Rothamsted uja, amene kwa zaka pafupifupi 30 ankaphunzitsa kuti zimenezi sizingatheke, anali m'chipindamo. Atabwerera ku England, iye ndi Lawes anabwereza kafukufukuyo ndipo anavomereza kuti Hellriegel akunena zoona. Mu 1888 Hellriegel ndi Wilfarth anasindikiza lipoti lonse, lodzaza ndi manambala a mphika uliwonse. Chaka chomwecho Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anatulutsa tizilomboto m'timibulu n'kutiweta patokha m'mbale zagalasi, ndipo chaka chotsatira tinapatsidwa dzina lakuti Rhizobium, limene mumaliona lolembedwa pamapaketi. Mu 1890 asayansi awiri ku France, Schloesing ndi Laurent, anatsekera nsawawa m'chigalasi chosalowa mpweya n'kuonetsa kuti nayitirojeni wa mumpweyawo akuchepa ndi muyezo womwe akuchulukira m'mbewu. Mkangano unathera pamenepo, ndipo alimi ndi amene anapambana.

Zimene zimachitika m'kambulu ndi malonda osinthana. Mbewu imapereka shuga amene masamba apanga ndi dzuwa, komanso malo okhala. Tizilombo timatenga nayitirojeni wa mumpweya wa m'nthaka n'kumusandutsa chakudya choti mbewu idye. Ntchito imeneyi ndi yomwe mafakitale a feteleza amagwira ndi moto woopsa ndi mphamvu zambiri, kuyambira pamene fakitale yoyamba yotere inatsegulidwa ku Oppau, ku Germany komweko, mu 1913. N'chifukwa chake mafuta ndi gasi zikakwera mtengo kunja, Urea amakweranso kuno. Muzu wa soya umagwira ntchito yomweyo mwakachetechete, wosafuna ndalama zakunja.

Hellriegel sanaone kapaketi koyamba. Anamwalira ku Bernburg pa 24 Sepitembala 1895, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 64, ndipo Wilfarth ndi amene anapitiriza ntchito yake pamalopo. Chaka chotsatira, Friedrich Nobbe ndi Lorenz Hiltner anayamba kugulitsa tizilomboti m'mabotolo pa dzina lakuti Nitragin. Poyamba malondawo anakhumudwitsa alimi ambiri, chifukwa tizilombo tinkafooka kapena kufa tisanafike m'munda. Ku America alimi ankangotuta dothi la m'munda wakale wa soya n'kukamwaza m'munda watsopano, njira yolemetsa imene inkasamutsanso udzu ndi matenda. Panapita zaka kuti anthu apeze ufa wabwino wosungiramo tizilombo tamoyo. Lero dziko la Brazil, limene limalima soya wambiri padziko lonse, limadalira tizilomboti m'malo mwa feteleza wa nayitirojeni pa mbewuyi. Kwathu kuno malo a kafukufuku a Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, akhala akuweta tizilomboti kwa zaka zambiri, ndipo tsopano timapezekanso m'mashopu pa maina ngati Nitrofix.

Funso limene Hellriegel anasiya losayankha ndi lakuti, kodi muzu ndi kachilombo zimadziwana bwanji mumdima wa pansi pa nthaka? Hiltner uja mu 1904 anaphunzitsa kuti dothi lokhudzana ndi muzu ndi losiyana ndi dothi lina lonse, chifukwa muzu umatulutsa timadzi tokhala ndi shuga ndi zinthu zina zimene zimaitana tizilombo tina n'kuthamangitsa tina. Koma timadzito ndi tochepa kwambiri, ndipo zida zotiyezera zinachedwa kubwera. Zina mwa zidazo n'zosavuta ngati miphika ya ku Bernburg. Mu 1943 L. T. Leonard wa ku America anakonza botolo lodulidwa kunsi, lozondotsedwa m'chotengera cha madzi a michere ndipo lodzaza mchenga wophedwa tizilombo. Ofufuza akufuna kudziwa ngati mtundu wina wa tizilombo ukugwira ntchito pa soya kapena nyemba amagwiritsabe ntchito botolo limeneli. Ena amabzala m'mabokosi okhala ndi galasi mbali imodzi kuti aziona muzu ukukula. Zida zokwera mtengo ndi makina amene amalekanitsa zinthu zosungunuka m'timadzi ta muzu chimodzichimodzi n'kuzindikira chilichonse ndi kulemera kwake.

Ndi makina oterewa yankho linapezeka mu 1986, patatha zaka 100 ndendende chilankhulireni Hellriegel ku Berlin. Ofufuza a ku Stanford ku America, motsogozedwa ndi Sharon Long, anapeza kuti mbewu ya msipu yotchedwa alfalfa imatulutsa chinthu chotchedwa luteolin chimene chimadzutsa tizilombo take. Mu 1990 anzawo a ku Toulouse ku France anapeza chinthu chimene kachilomboko kamatulutsa poyankha. Zili ngati mlendo pakhomo: muzu umaitana, kachilombo kamaodira, ndipo muzu ukazindikira mawuwo umapinda katsitsi kake n'kutsegula njira yolowera. Soya ali ndi kaitanidwe kakekake, ndipo kachilombo kakayankha mosayenera chitseko sichitseguka. Zimene Hellriegel anaona pa lupin ndi nsawawa zinali zimenezi.

Kuitana kwa mizu kuli ndi mbali ina imene imatipweteka m'minda ya chimanga. Njere za kaufiti zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi osamera, kudikira fungo la muzu woti ziyamwe. Chinthu chimene chimazidzutsa chinapezeka mu 1966 m'timadzi ta mizu ya thonje ndipo chinatchedwa strigol. Kwa nthawi yaitali anthu ankadabwa chifukwa chimene chimanga chimaitanira mdani wake. Mu 2005 Kohki Akiyama ndi anzake ku Japan anapeza kuti muzu suitana kaufiti ayi. Umaitana tiulusi ta gulu la bowa timene timathandiza mbewu kupeza mchere wa fosifolasi, ndipo kaufiti amangobera uthengawo. Chimanga chikakhala ndi njala m'nthaka yoguga chimaitana mokweza, ndiye kaufiti amadzuka wambiri. Mwaona chifukwa chake kaufiti amakonda minda yotopa? Mizu ya soya, mtedza ndi thonje nayonso imadzutsa njere za kaufiti wa chimanga, koma iye sangayamwe mizu imeneyo, choncho amamera n'kufa. Kasinthasintha wa chimanga ndi mbewu zimenezi amachepetsa njere zake chaka ndi chaka. Chenjerani kokha ndi kaufiti wina wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Ameneyo muzimuzula asanachite njere.

Pali zinthu ziwiri zimene sindifuna kuti muzimve molakwika. Choyamba, tizilomboti timapereka nayitirojeni yekha. Soya amafunabe fosifolasi, ndipo m'nthaka yosowa mchere umenewu kapena yowawasa kwambiri timibulu timachepa ngakhale paketi ikhale yamoyo. Manyowa owolerana bwino kapena feteleza wokulitsa pang'ono amathandiza. Urea wambiri pa soya ndiye kutaya ndalama kawiri, pakuti mbewu ikapeza chakudya chaulere imaleka kusunga alendo ake ndipo timibulu timachepa. Chachiwiri, mchere wambiri umene soya wasonkhanitsa umapita mu njere zimene mumagulitsa. Chotsalira munda ndi masamba ogwa, mizu ndi zinyalala za pomenyera. Mukazula soya ndi mizu yomwe, kukamenyera pakhomo n'kutentha zotsalazo, musadabwe chimanga cha chaka chamawa chikapanda kusintha. Nandolo ndiye wowolowa manja pa nkhaniyi, chifukwa amathothola masamba ambiri ndipo mizu yake imapita pansi.

Hellriegel sankakhulupirira mphika umodzi wopanda unzake woufanizira nawo, ndipo inunso mungachite chimodzimodzi m'munda mwanu chaka chino popanda labotale. Patulani mizere isanu pakati pa munda, osati m'mphepete kapena pachulu. Yambani mwabzala mizere imeneyo ndi mbewu yosasakaniza, manja ndi chidebe zisanakhudze ufa uja, kenako sakanizani mbewu yotsala n'kubzala munda wonse tsiku lomwelo. Zikani zikhomo kuti musaiwale. Soya akachita chikasu pang'ono m'masabata oyamba musathamangire feteleza, chifukwa nsawawa za ku Bernburg nazonso zinkayamba zatero timibulu tisanayambe ntchito.

Pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kapena soya akayamba maluwa, kumbani mapando angapo mbali zonse ziwiri ndi khasu. Musazule ndi manja, timibulu timatsalira m'dothi. Tsukani mizu m'beseni n'kuwerenga. Timibulu tikuluti-kulu tozungulira muzu waukulu pafupi ndi pamwamba ndi chizindikiro chakuti tizilombo ta pa njere tinagwira msanga. Dulani kamodzi ndi chikhadabo kapena lezala. Kofiirira m'kati ngati nyama ndi kamene kakugwira ntchito. Koyera ndi kosakhwima kapena kaulesi, ndipo kobiriwira kapena kakuda ndi kotha ntchito. Musasokoneze ndi zotupa za minyolotsi zimene mumaziona pa tomato ndi fodya: kambulu kabwino kamakhala pambali pa muzu ndipo kamathothoka mukakakhudza ndi chala, pamene chotupa cha matenda ndi muzu weniweniwo umene wafufuma. Pokolola, menyani mizere isanu ija payokha, mutengenso mizere ina isanu yoyandikana nayo yotalika mofanana, ndipo muyeze zonse ziwiri ndi chidebe chimodzi.